Kuika malamulo a bekale m'kompyuta: momwe mungasankhire zophika malaiti akakhala ochepa

Amene muli ndi bekale yaing'ono mu Lusaka, kaya ku Chawama, ku Matero kapena ku Mtendere, mumadzuka ndi funso lomwelo tsiku ndi tsiku: ndi fulawa amene ali m'sitolo, ndi maola amene malaiti akhalepo, ndiphike buledi wochuluka bwanji, mabanzi angati, masikono angati? M'chaka cha 2024 funsoli linafika pothina. Mvula inavuta, mu February boma linalengeza kuti chilala chasanduka tsoka la dziko lonse, madzi a m'damu la Kariba anatsika, ndipo panali miyezi imene makomboni ambiri ankaona malaiti maola owerengeka chabe pa tsiku. Amene amaphikira uvuni wamagetsi anayamba kuwerenga mphindi iliyonse imene uvuni uli wotentha.

Yankho la funsoli ambiri muli nalo kale m'mutu. Wophika amene wakhalitsa pantchito amadziwa kuti oda ya pa kantemba siphonyedwa, kuti mabanzi akagona sagulika, kuti pakati pa mwezi malonda amazizira. Amenewa ndi malamulo, ndipo pali njira yolembera mapulogalamu a kompyuta imene imayendera malamulo otere. Mumaiuza kompyuta momwe zinthu zilili lero, mumaipatsa malamulo akuti "zikakhala chonchi, chita chakuti", ndipo iyo imafufuza yokha lamulo logwirizana ndi zimene zilipo n'kulitsatira, n'kufufuzanso, mpaka pasakhale lamulo lina loti ligwire ntchito. M'mafakitale njirayi ndi yakale. Kampani ya ku America ya Digital Equipment Corporation inayamba mu 1980 kugwiritsa ntchito pulogalamu ya malamulo yotchedwa R1, imene inadzadziwika kuti XCON, posankha zipangizo zoyenera kuikidwa pamodzi m'makompyuta a VAX amene makasitomala ankaitanitsa. Anailemba ndi John McDermott wa ku Carnegie Mellon University, ndipo m'kupita kwa zaka malamulo ake anafika masauzande. Bekale yathu sifuna ngakhale malamulo 10.

Manambala a bekale amene ali m'munsimu ndi ongoyerekezera kuti masamu aoneke bwino. Inu muikepo anuanu.

Choyamba: tengani wotchi ndi sikelo

Kwa mlungu umodzi, chilichonse cholowa mu uvuni chizilembedwa m'kabuku. Muziwerengera ulendo wathunthu wa uvuni, osati banzi limodzilimodzi, chifukwa uvuni uli ngati minibasi yonyamuka pa Kulima Tower: mafuta a ulendo ndi omwewo kaya yadzaza kaya ili ndi anthu atatu. Mphindi muziyamba kuwerenga pamene mathileyi alowa, mpaka pamene mathileyi otsatira alowa. Nthawi yotulutsa ndi yolongedza ili momwemo, ndipo ndi imene anthu ambiri amaiwala.

Tiyerekeze kuti kabuku kanu kakuonetsa izi.

Buledi: malofu 40 pa ulendo, mphindi 40, fulawa makilogalamu 18, phindu K4 pa lofu, ndiye K160 pa ulendo. Pa tsiku amagulika malofu 200, ndiwo maulendo 5. Mwa amenewa, malofu 80, maulendo 2, ndi oda ya eni tuntemba amene amadzatenga m'mawa uliwonse.

Mabanzi: 120 pa ulendo, mphindi 20, fulawa makilogalamu 6, phindu K1 pa banzi, ndiye K120 pa ulendo. Pa tsiku amagulika 480, maulendo 4.

Masikono: 90 pa ulendo, mphindi 25, fulawa makilogalamu 5, phindu K1.50 pa sikono, ndiye K135 pa ulendo. Pa tsiku amagulika 180, maulendo 2.

Powerengera phindu, chotsani pa mtengo wogulitsira zinthu zokhazo zimene zimatha mukaphika: fulawa, shuga, yisiti, mafuta, mchere, mapepala okulungira. Lendi ndi malipiro a mwezi musaziikemo. Zimenezo mulipirabe kaya mwaphika buledi kaya mabanzi, choncho sizingakuuzeni choti musankhe.

Manambalawa alembeni pa tsamba laokha, ndipo malamulo adzakhale pa tsamba lina. Ndikulimbikira pamenepa chifukwa mtengo wa thumba la fulawa ku Soweto Market kapena ku Kamwala sukhala pamodzi. Mukasakaniza mitengo ndi malamulo, tsiku limene thumba lakwera mudzayamba kufufuza pulogalamu yonse. Zikakhala padera, musintha nambala imodzi basi.

Chachiwiri: pezani chimene chikuthina lero

Eni bekale ambiri amati buledi ndiye ndalama, pakuti lofu imodzi imabweretsa K4 pamene banzi limabweretsa K1. Koma taonani. Ulendo wa buledi umatenga uvuni mphindi 40 n'kubweretsa K160, ndiye K4 pa mphindi. Mabanzi amabweretsa K120 m'mphindi 20, ndiye K6 pa mphindi. Masikono K135 m'mphindi 25, ndiye K5.40 pa mphindi. Tsiku limene malaiti ndi ochepa, buledi ndi amene amabwera kumapeto.

Tsiku limene malaiti alipo koma fulawa wachepa, muyeso umasintha. Pa kilogalamu imodzi ya fulawa, masikono amabweretsa K27, mabanzi K20, buledi pafupifupi K9. Apa masikono apitirira mabanzi. Choncho musanasankhe chophika, muyenera kudziwa kaye chimene chitayambe kutha, ndipo phindu muzilipima pa chinthu chimenecho.

Kuchipeza n'kosavuta. Kuti muphike zonse zimene zingagulike mufuna mphindi 330: buledi 200, mabanzi 80, masikono 50. Mufunanso fulawa makilogalamu 124: 90, 24 ndi 10. Gawani zimene muli nazo ndi zimene zikufunika. Tinene kuti lero malaiti akhala maola 4, ndizo mphindi 240, ndipo mphindi 30 zipita potenthetsa uvuni, kutsala 210. Fulawa muli ndi matumba awiri a makilogalamu 50. Mphindi: 210 kugawa ndi 330 ndi 0.64. Fulawa: 100 kugawa ndi 124 ndi 0.81. Nambala yaing'ono ndiyo ikuloza chothina. Lero ndi uvuni.

Chachitatu: tulutsani malamulo m'mutu mwa wophika

Ntchito imeneyi imafuna kuleza mtima kuposa kulemba pulogalamu. Mukamufunsa wophika wamkulu kuti "mumasankha bwanji?" adzakuyankhani kuti amangoona. Mufunseni za tsiku lenileni. "Ba ankolo, malaiti abwera 10 koloko usiku, ayenda 2 koloko m'bandakucha, fulawa matumba awiri. Mulowetsa chiyani poyamba?" Akayankha, sinthani chinthu chimodzi chokha. "Nanga fulawa akhale thumba limodzi?" Pamene yankho lake lasintha, pamenepo pali lamulo. Lilembeni m'mawu ake omwewo, m'Chinyanja, kuti iye akaliwerenga anene kuti inde ndi mmene amachitira, kapena akukonzeni.

Za bekale yathu, malamulo angakhale awa.

Lamulo 1. Ngati pali oda imene sinaphikidwe, ndipo mphindi ndi fulawa zikukwana ulendo umodzi, ikani ulendowo pa ndandanda, chotsani mphindi ndi fulawa wake.

Lamulo 2. Ngati pali oda koma mphindi kapena fulawa sizikwana, chenjezani mwini bekale kuti aimbire foni kasitomala usiku womwewo.

Lamulo 3. Ngati gawo la mphindi ndi laling'ono kuposa gawo la fulawa, sanjani zophika potengera phindu pa mphindi.

Lamulo 4. Ngati gawo la fulawa ndilo laling'ono, zisanjeni potengera phindu pa kilogalamu.

Lamulo 5. Ngati maoda atha, tengani chophika cha pamwamba chimene sichinafike pa malire a malonda ake ndipo chikukwana m'mphindi ndi fulawa zotsala, onjezani ulendo umodzi, chotsani zake.

Lamulo lililonse lichite chinthu chimodzi. Mukaona lamulo layamba kukhala ndi "koma ngati" kawiri katatu, liduleni likhale malamulo awiri.

Pali nthawi imene malamulo awiri amayenera kugwira ntchito pa nthawi imodzi, ndipo kompyuta siingadziwe yokha kuti mbiri yanu kwa eni tuntemba ndi yofunika kuposa makwacha ochepa a usiku umodzi. Muyenera kuiuza. Lililonse lipatseni msinkhu wake: maoda pamwamba, kupeza chothina pakati, kudzaza uvuni pansi. Ine ndimaika maoda pamwamba ngakhale pamene masamu akunena kuti mabanzi akanabweretsa zambiri, chifukwa mayi wa kantemba amene wabwerera chimanjamanja m'mawa amakapeza bekale ina, ndipo kumubweza n'kovuta.

Chachinayi: yesani ndi pensulo

Musanayatse kompyuta, yendetsani malamulowo papepala. Mphindi 210, fulawa makilogalamu 100. Lamulo 1 ligwira kawiri: maulendo 2 a buledi, kutsala mphindi 130 ndi makilogalamu 64. Lamulo 3 liika mabanzi patsogolo, masikono pakati, buledi kumbuyo. Lamulo 5 liika mabanzi maulendo 4, kutsala mphindi 50 ndi makilogalamu 40. Mabanzi afika pa malire, ndiye masikono maulendo 2, mphindi zatha, fulawa watsala makilogalamu 30. Phindu: K320 kuphatikiza K480 kuphatikiza K270, zonse K1,070.

Mukanatsatira maganizo akuti buledi ndiye ndalama, mukanaphika maulendo 5 a buledi m'mphindi 200, kuthera makilogalamu 90, n'kupeza K800. Kusiyana kwake ndi K270 pa usiku umodzi, kuwonjezera apo fulawa wotsala ndi wochuluka makilogalamu 20.

Yesaninso tsiku la mtundu wina: malaiti alipo usiku wonse, fulawa makilogalamu 60 okha. Oda itenga 36, kutsala 24. Lamulo 4 liika masikono patsogolo: maulendo 2 atenga 10, mabanzi maulendo 2 atenga 12, phindu la ziwirizi K510. Mukanayamba ndi mabanzi, maulendo 4 akanatha fulawa yense n'kubweretsa K480.

Chachisanu: lowetsani m'kompyuta

Chida chimene ndimalangiza oyamba ndi CLIPS. Anachipanga mu 1985 ku Johnson Space Center ya NASA ku Houston, n'chaulere, n'chaching'ono, ndipo chimayenda bwinobwino pa laputopu yakale ya Windows, Linux kapena macOS popanda intaneti. Amene mumadziwa Java mukhoza kuona Drools, chida chinanso cha malamulo, koma pa bekale imodzi n'chachikulu mopitirira.

Tsegulani fayilo, muitche bekale.clp, ndipo muyambe ndi mmene zinthu zilili lero:

```
(deffacts lero
   (mphindi 210)
   (fulawa 100)
   (oda buledi 2)
   (chophika buledi 40 18 160)
   (chophika mabanzi 20 6 120)
   (chophika masikono 25 5 135))
```

Manambala atatu otsatira dzina la chophika ndi mphindi, makilogalamu ndi phindu pa ulendo. Lamulo 1 limalembedwa motere:

```
(defrule oda-poyamba
   (declare (salience 100))
   ?o <- (oda ?dzina ?n&:(> ?n 0))
   (chophika ?dzina ?m ?f ?phindu)
   ?t <- (mphindi ?zotsala&:(>= ?zotsala ?m))
   ?u <- (fulawa ?wotsala&:(>= ?wotsala ?f))
   =>
   (retract ?o ?t ?u)
   (assert (oda ?dzina (- ?n 1))
           (mphindi (- ?zotsala ?m))
           (fulawa (- ?wotsala ?f)))
   (printout t "Phika " ?dzina " chifukwa pali oda" crlf))
```

Zonse zimene zili pamwamba pa kamuvi `=>` ndi "ngati", za pansi pake ndi "chita". Mzere wa salience ndiwo msinkhu uja: nambala yaikulu imayamba, ndipo lamulo limene simunalipatse nambala limakhala pa 0. Mawu oyamba ndi chizindikiro cha funso ndi malo opanda kanthu amene CLIPS imadzaza yokha. Mzere wa oda ukapeza oda ya buledi, ?dzina imakhala buledi, ndipo mzere wa chophika umakatenga mphindi ndi fulawa za buledi yemweyo. Pansipo, retract imafufuta manambala akale ndipo assert imalemba atsopano.

Kuti iyende, lembani `(load "bekale.clp")`, kenako `(reset)`, kenako `(run)`. Muona mzere wakuti phika buledi ukutuluka kawiri. Mukalemba `(facts)` mupeza mphindi 130 ndi fulawa 64, chimodzimodzi ndi papepala paja. Onani kuti palibe pamene tauza kompyuta kuti ibwereze kawiri. Itasintha oda kuchoka pa 2 kufika pa 1, lamulo linayeneranso kugwira ntchito, ndipo oda itafika pa 0 linaleka lokha.

Onjezani malamulo enawo limodzilimodzi, ndipo mukaonjeza lililonse yendetsani pulogalamu n'kuyerekeza ndi pepala. Zikasiyana, lembani `(watch rules)` musanaiyendetse, ndipo ikuonetsani lamulo lililonse pamene likugwira ntchito. Vuto lofala kwa oyamba ndi lamulo limene limafufuta nambala n'kuilembanso popanda choliimitsa, mpaka pulogalamu imangozungulira. Mukaona choncho, `(run 20)` imaimitsa pambuyo pa malamulo 20 kuti muone pamene yasokonekera.

Chonde musasiye mawu akuti "chifukwa" m'mizere yotuluka. Wophika amene wapatsidwa pepala lakuti mabanzi 4, masikono 2 popanda chifukwa adzalitsatira usiku umodzi kapena uwiri, kenako adzabwerera ku zake. Akaona kuti "mabanzi, chifukwa uvuni ndiwo ukuthina ndipo amabweretsa K6 pa mphindi", akhoza kuvomereza kapena kutsutsa, ndipo zonse ziwirizi n'zothandiza.

Amene mulibe laputopu mukhoza kuchita zomwezi mu Google Sheets pa foni ndi IF, fomula yake ya "ngati". Bola lamulo lililonse likhale m'bokosi lakelake.

Chachisanu ndi chimodzi: fufuzani pamene malamulo akuphonya

Malamulo otere amapereka yankho labwino, koma si nthawi zonse pamene limakhala labwino koposa onse. Chotsani mphindi 10 zokha pa chitsanzo chija, zikhale 200. Oda ikatha zitsala 120. Lamulo 5 liika mabanzi 4, kutsala 40, kenako masikono ulendo umodzi, kutsala mphindi 15 zimene palibe cholowamo. Phindu la ziwirizi ndi K615. Koma m'mphindi 40 zija mukanalowa ulendo umodzi wa buledi, uvuni osakhala chabe, phindu n'kukhala K640. Lamulo linathamangira chophika cha phindu lalikulu pa mphindi osaona kuti chisiya mpata wopanda ntchito.

Mankhwala ake ndi Lamulo 6: ngati ndandanda yatha ndipo mphindi zotsala ndi 10 kapena kuposa, chotsani ulendo womaliza, yesani kuika chophika china m'malo mwake, ndipo sungani chimene chabweretsa zambiri.

Kuti mudziwe ngati malamulo anu ali pafupi ndi yankho labwino koposa, pamafunika choyerekezera nacho. Pa bekale yathu n'zophweka: buledi akhoza kukhala maulendo 2 mpaka 5, mabanzi 0 mpaka 4, masikono 0 mpaka 2. Njira zonse ndi 4 kuchulukitsa ndi 5 kuchulukitsa ndi 3, ndizo 60, ndipo kompyuta imaziyesa zonse m'kuphethira kwa diso. Zophika zikachuluka, njirazi zimachuluka mofulumira kwambiri, ndipo pamenepo mugwiritse ntchito Solver, chida chofufuza yankho labwino koposa, cha mu Excel kapena cha mu LibreOffice Calc. Muiuze kuti ikweze phindu, muipatse malire a mphindi, a fulawa ndi a malonda, ndipo musaiwale kuiuza kuti maulendo akhale manambala athunthu, apo ayi ikuuzani kuti muphike theka la ulendo. Masamu a mtundu umenewu anayambira pa vuto longa lanuli. Leonid Kantorovich wa ku Leningrad anafunsidwa momwe angagawire ntchito pa makina a mafakitale opanga mapulaiwudi, anafalitsa njira yake mu 1939, ndipo mu 1975 analandira mphoto ya Nobel pa zachuma. George Dantzig wa ku America anapeza njira ina yothetsera masamu omwewa, yotchedwa simplex, mu 1947.

Wina angafunse kuti bwanji osangogwiritsa ntchito Solver yokha. Solver imapereka manambala popanda kufotokoza, ndipo zinthu monga "Loweruka musaphike masikono ambiri ngati mvula ikugwa" n'zovuta kuziika m'masamu ake pamene m'malamulo ndi mzere umodzi. Tengani masiku 10 a m'kabuku kanu, aliwonse ndi mphindi ndi fulawa wake, yendetsani zonse ziwiri. Ngati malamulo akutsalira ndi makwacha ochepa, asiyeni momwemo. Ngati tsiku lina atsalira kwambiri, likhalireni pansi tsikulo, pali lamulo limene likusowa.

Chomaliza: cholowa poyamba, ndi kusunga manambala amoyo

Kudziwa kuchuluka kwa zophika ndi mbali imodzi, ndipo dongosolo lolowetsera mu uvuni ndi mbali ina. Maoda akakhala angapo, yambani ndi imene mwini wake afike msanga. J. R. Jackson anaonetsa mu 1955 kuti pa makina amodzi, dongosolo limeneli ndi limene limachepetsa kuchedwa kwa oda yochedwetsetsa. Pambuyo pa maoda, lowetsani za phindu lalikulu pa mphindi, kuti malaiti akayenda nthawi isanakwane mukhale mutatulutsa kale zofunika. Ikaninso lamulo loletsa kulowetsa buledi ngati mphindi zotsala pa ndandanda ya malaiti sizikupitirira 40 ndi kampata kena pamwamba, pakuti buledi wozimira mu uvuni ndi fulawa makilogalamu 18 otayika. Mukatero, Lamulo 6 lizisuntha buledi wake alowe mabanzi asanalowe, kuti ulendo womaliza ukhale waufupi. Ndipo mukumbukire kuti mtanda umafuna nthawi yofufuma: ngati makina okandira nawonso ndi amagetsi, mtanda wa ulendo woyamba ukandidwe pamanja malaiti asanabwere, kuti uvuni ukangotentha upeze mathileyi ali chile.

Madzulo aliwonse sinthani manambala atatu okha m'fayilo: mphindi, fulawa ndi maoda. Lembani ndandanda yotuluka pamodzi ndi zifukwa zake, muimate pakhoma pafupi ndi uvuni. Wophika akafuna kuchita zosiyana ndi pepalalo, achite, koma alembe chifukwa chake pansi pake. Pakutha pa mlungu werengani zimene walembazo limodzi naye. Chifukwa chimene chabwera kawiri kapena katatu chisanduke lamulo. M'kabuku momwemo muzilembanso zotsala zosagulika, ndipo mabanzi akatsala masiku atatu otsatizana, tsitsani malire ake kuchoka pa maulendo 4 kufika pa 3, muwerengenso gawo la mphindi ndi la fulawa ndi malire atsopanowo.